Nambala 45 yomwe inakana kuiwalika: RuPaul ndi nyimbo ya Supermodel

Usiku wa pa 2 Seputembala 1993, pamwambo wopereka mphoto za mavidiyo a nyimbo womwe wailesi ya kanema ya MTV inachititsa ku Los Angeles, okonza mwambo anatulutsa anthu awiri pa siteji kuti alengeze limodzi wopambana. Woyamba anali Milton Berle, gogo wa zaka 85, katswiri wa nthabwala yemwe anthu a ku America anayamba kumuonera mu 1948, kanema akungolowa kumene m'nyumba zawo. Wachiwiri anali RuPaul, mwamuna wakuda wa zaka 32, wotalika masentimita 193 asanaponde n'komwe pa gogoda, atavala diresi ndi wigi, nkhope ataiphoda bwino lomwe.

Okonza mwambowo ankaona ngati apeza anthu ogwirizana, poti Berle nayenso ankavala madiresi pa kanema m'masiku ake. Koma zinthu sizinayende choncho. RuPaul anadzafotokoza pambuyo pake kuti kuseri kwa siteji mkuluyo anamulankhula zachipongwe ndi kumugwiragwira mosayenera. Atafika pamaso pa makamera, RuPaul anasiya mawu omwe anamulembera n'kumuponyera mkuluyo nthabwala yoti kale ankavala madiresi koma tsopano akuvala matewera. Berle anapsa mtima, ndipo nyuzipepala zinaloza chala RuPaul kuti ndi mwana wamwano, wongobwera kumene koma wosadziwa kulemekeza akuluakulu.

Komatu nkhani inali yozama kuposa mwano. Berle ankavala diresi kuti anthu aseke mmene silinkamukhalira, aliyense akudziwa kuti nthabwala ikatha avula. RuPaul ankavala diresi kuti akongole, ndipo ankakongoladi. Zoyambazo anthu a ku America anazizolowera kalekale. Zachiwirizo ambiri anali atangoziona kumene chaka chimenecho, ndipo chomwe chinazilowetsa m'nyumba zawo chinali nyimbo imodzi yovinira, yotchedwa Supermodel (You Better Work), yomwe inatuluka mu Novembala 1992. Pa mndandanda waukulu wa nyimbo zotchuka wa Billboard Hot 100, nyimboyi inangofika pa nambala 45. Nyimbo zambiri zomwe zinali pamwamba pake zinaiwalika kalekale, koma iyi ikumvekabe patapita zaka zoposa 30.

Zaka khumi za m'fumbi

Luso la RuPaul amalitcha drag, ndipo mwamuna wolichita amatchedwa drag queen. Amavala ndi kudziphoda ngati mkazi, kawirikawiri mokokomeza dala, kuti aimbe, avine kapena aseketse anthu. Akatsika pa siteji ambiri amavula n'kubwerera m'zovala zawo za masiku onse. RuPaul mwiniwake amaoneka nthawi zambiri atavala suti, mutu uli mpala.

RuPaul Andre Charles anabadwa pa 17 Novembala 1960 ku San Diego, m'chigawo cha California, kwa makolo ochokera ku Louisiana. Banja la makolowo linatha mu 1967, ndipo iye ndi alongo ake atatu analeredwa ndi mayi awo, a Ernestine. Ali ndi zaka 15 anatsatira mlongo wake Renetta ndi mwamuna wake ku Atlanta, komwe analowa sukulu yophunzitsa zisudzo ndi nyimbo koma sanaimalize. Kwa zaka zingapo anathandiza mlamu wake pa bizinesi yogulitsa magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito, akuyendetsa magalimotowo mitunda italiitali kupititsa kwa ogula.

Mu 1982 anayamba kuoneka pa pulogalamu yotchedwa The American Music Show, pa kanema wa m'dera yemwe munthu wamba aliyense ankaloledwa kukonzapo pulogalamu yake. Anaimba m'gulu la Wee Wee Pole, anavina m'makalabu a usiku, ndipo ankayenda mumzinda wa Atlanta akumata mapepala a nkhope yake pa mitengo ya magetsi, kudzilengeza ngati munthu wotchuka pamene m'thumba munalibe kanthu. Maonekedwe ake a nthawi imeneyo sanali a chiphadzuwa ayi. Ankasakaniza zachimuna ndi zachikazi mwadala kuti adzidzimutse anthu: utoto kumaso, nsanza m'chiuno, majombo aatali, zotchinga mapewa za osewera mpira wa ku America. Mu 1985 anatulutsa kachimbale kotchedwa Sex Freak pa kampani yaing'ono ya Funtone, kenako anasewera m'mafilimu otchipa a Starrbooty, omwe matepi ake ankagulitsa yekha.

Ulendo wake woyamba wa ku New York unali wowawa, moti masiku ena ankasowa pogona. Anapitanso mu 1987 pamodzi ndi anzake, mmodzi mwa iwo ali DJ wotchedwa Larry Tee. Anakhazikika m'dera la East Village, komwe kunali kalabu ya Pyramid ndi chikondwerero cha chaka ndi chaka cha Wigstock, chomwe mnzake wa ku Atlanta, Lady Bunny, anathandiza kuyambitsa. Mu 1989 anthu a m'makalabu anamuveka ulemu wa Queen of Manhattan, ndipo chaka chomwecho anaoneka kwa kanthawi kochepa akuvina mu vidiyo ya Love Shack ya gulu la The B-52's.

Apa m'pamene anaganiza mofatsa. Anaona kuti kutchuka kwa m'makalabu kuli ndi malire, ndipo kuti akafuna kufika kwa anthu wamba ayenera kusintha. Wakhala akunena yekha poyera kuti anachotsa dala zolaula ndi zoopseza anthu m'maonekedwe ake, n'kusiya kukongola, kumwetulira ndi nthabwala zoti ngakhale agogo atha kuseka. Anagwirizana ndi anyamata awiri, Randy Barbato wa ku America ndi Fenton Bailey wa ku Britain, omwe anakhazikitsa kampani ya World of Wonder, kuti aziyendetsa ntchito yake. Tsitsi ndi nkhope anazipereka m'manja mwa Mathu Andersen, zovala m'manja mwa telala wotchedwa Zaldy. Chiphadzuwa cha tsitsi la golide chomwe dziko linadzachiona chinachita kukonzedwa, chidutswa ndi chidutswa.

Nyimbo yovinira m'nyumba ya rap

Chodabwitsa choyamba ndi kampani yomwe inatulutsa nyimboyi. Tommy Boy Records, yomwe Tom Silverman anaiyambitsa mu 1981, inali nyumba ya rap. Ndiyo inatulutsa Planet Rock ya Afrika Bambaataa, ndipo inali ndi De La Soul, Queen Latifah, Naughty by Nature komanso House of Pain, omwe nyimbo yawo ya Jump Around inagwedeza chaka cha 1992. Pakati pa anyamata a zipewa ndi majini otaya amenewa, mkulu wa kampaniyo, Monica Lynch, analowetsapo mwamuna wa wigi ndi gogoda.

Nyimboyi anailemba anthu atatu: RuPaul, Larry Tee ndi Jimmy Harry. Woikonza mu situdiyo anali Eric Kupper, yemwe anagwirapo ntchito ndi Frankie Knuckles, DJ amene ambiri amamutcha tate wa nyimbo za house. Ndipo ndi house yeniyeni: ng'oma yogunda mosaphonya kanayi pa muyeso uliwonse, piyano yodumphadumpha, besi yokankha munthu kuti anyamuke pampando. Chomwe chinawonjezedwa ndi kolasi yosavuta kuigwira, yoti ukaimva kamodzi sichoka m'mutu. RuPaul si woimba wa mawu amphamvu ngati oimba a m'tchalitchi, ndipo sanayesere kukhala wotero. Mbali yaikulu ya nyimboyi amalamula: auza mtsikana wotsatsa zovala kuti atembenukire uku, ayende chotere, aonetse nkhope kwa wojambula. Womvera amapezeka kuti malamulowo akumuuza iyeyo, ndipo m'kalabu aliyense ankasanduka modelo kwa mphindi zinayi.

Nyimbo isanayambe pamamveka mawu a mayi wachikulire akusimba kankhani. Mawuwo ndi a LaWanda Page, yemwe anthu akuda a ku America ankamudziwa bwino monga Aunt Esther, mayi wolusa wa Baibulo m'manja wa m'sewero la pa kanema la Sanford and Son. Nkhani yomwe akusimbayo ndi ya kamtsikana kakuda ka m'nyumba za anthu osauka za Brewster mumzinda wa Detroit, komwe kanaonedwa ndi munthu wofufuza atsikana a Ebony Fashion Fair, n'kusanduka modelo wotchuka. Mayina awiriwa sanangowatola. Ku Brewster n'komwe kunakulira Diana Ross, woimba yemwe RuPaul ankamupembedza kuyambira ali mwana, ndipo Ross anasewerapo filimu ya Mahogany mu 1975, ya mtsikana wosauka wa ku Chicago yemwe anakatchuka ku Rome pa ntchito ya zovala. Ebony Fashion Fair chinali chionetsero cha zovala choyendayenda chomwe chinayamba mu 1958, chofikitsa mafashoni a ku Ulaya kwa amayi akuda pa nthawi yomwe masitolo akuluakulu sankawawerengera. Mzungu wa ku Iowa ankangomva nyimbo yosangalatsa. Mayi wakuda wa ku Detroit ankamva mbiri ya kwawo.

Vidiyo yake anaijambula Randy Barbato mumzinda wa New York ndi ndalama zochepa. RuPaul amasintha zovala motsatizana, amayenda monyang'wa m'misewu, amaima pamaso pa ojambula, kwinaku akuseka ngati munthu wodziwa kuti zonsezi ndi sewero. M'katikati mwa nyimbo amatchula mayina oyamba a mamodelo otchuka a nthawiyo, kudziika yekha m'gulu lawo popanda womuitana. Nthabwala yake inali pamenepo: munthu yemwe posachedwapa ankavinira tindalama ta m'kalabu akudzitcha modelo wa dziko lonse. Koma nthabwalayo inali ndi mano, chifukwa pa kanema ankaoneka woyeneradi malowo.

Inafika pa nthawi yake

Nyimbo imeneyi ikanatuluka mu 1985 bwenzi itangothera m'makalabu. Pofika 1992 nthaka inali italimidwa kale. Mu Januwale 1990 magazini ya Vogue ya ku Britain inaika pachikuto atsikana asanu ojambulidwa ndi Peter Lindbergh: Naomi Campbell, Linda Evangelista, Tatjana Patitz, Christy Turlington ndi Cindy Crawford. George Michael anawatenga onse asanu n'kuwaika mu vidiyo ya nyimbo yake ya Freedom! '90 m'malo mooneka yekha. Evangelista anauza mtolankhani kuti iye ndi anzake sadzuka pabedi ngati malipiro a tsikulo sakufika madola 10,000. Mamodelo anali atafika potchuka kuposa osoka zovala zomwe ankatsatsa, ndipo anthu anali okonzeka kuwasirira ndi kuwaseka nthawi imodzi. Kumayambiriro kwa 1992 nyimbo ya I'm Too Sexy ya gulu la ku Britain la Right Said Fred, yoseka kudzimva kwa mamodelo, inafika pa nambala 1 ku America.

Mbali inayo kunali dera la Harlem ku New York. Kwa zaka zambiri anyamata akuda ndi a Chilatino okondana amuna okhaokha, ambiri mwa iwo othamangitsidwa kwawo, ankachita mipikisano ya usiku ya kavalidwe, kayendedwe ndi kuvina kotsanzira zithunzi za m'magazini. Mu 1990 Madonna anatenga kavinidwe kameneka n'kukafikitsa ku dziko lonse ndi nyimbo ya Vogue, ndipo filimu ya Jennie Livingston ya Paris Is Burning inaonetsa moyo weniweni wa anthuwo. Mawu olimbikitsa ndi onyodola omwe ankafuulidwa pa mipikisano imeneyo anayamba kumveka pakamwa pa anthu omwe sanapondeko ku Harlem. Supermodel inatola chilankhulo chimenechi n'kuchiika pa ng'oma yoti wailesi ingathe kuimba.

RuPaul sanali woyamba kuyesa njirayi. Mu 1978 Sylvester, woimba wakuda wa ku San Francisco yemwe ankavala zachimuna kapena zachikazi mmene wafunira, anatulutsa You Make Me Feel (Mighty Real), yomwe inafika pa nambala 36 ku America ndi nambala 8 ku Britain. Kenako kunabwera Divine, dzina lake lenileni Harris Glenn Milstead, chimunthu chonenepa cha ku Baltimore chomwe chinatchuka m'mafilimu a John Waters pochita dala zonyansa. Mu 1984 nyimbo yake ya You Think You're a Man, yokonzedwa ndi Stock, Aitken ndi Waterman asanatchuke, inafika pa nambala 16 ku Britain. Ataiimba pa pulogalamu ya Top of the Pops, owonera ambiri anadandaula ku BBC. Divine ankafuna kuti anthu achite mantha ndi kuseka pamodzi, ndipo kwawo ku America nyimbo zake sizinatuluke m'makalabu. Onse awiri, Divine ndi Sylvester, anamwalira mu 1988. RuPaul anaphunzirapo kanthu pa awiriwa: khomo lomwe ukali unalephera kutsegula, kumwetulira kukhoza kulitsegula.

Mmene dziko linailandirira

Nyimboyi inayamba kugwira m'makalabu, ndipo pa mndandanda wa Billboard wa nyimbo zovinira inafika pa nambala 2. Kenako MTV inayamba kuonetsa vidiyoyo pafupipafupi. Imeneyi inali nyengo ya magitala aukali a Nirvana ndi Pearl Jam, ya rap ya Dr. Dre, komanso ya Whitney Houston, yemwe I Will Always Love You yake inakhala pa nambala 1 kwa masabata 14. Pakati pa anyamata okwiya a malaya ong'ambika, mwadzidzidzi panatulukira chimunthu chachitali chosekerera, chonyezimira kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ofuna ndi osafuna omwe, onse anayang'ana.

Ku America nyimboyi inagulidwa makope pafupifupi 500,000. Ku Britain inafika pa nambala 39. Mukaika pamodzi malonda amenewo ndi nambala 45 ya pa Hot 100, pali chomwe chimaululika. Pa nthawiyo mndandanda umenewo unkawerengera zinthu ziwiri, kugulidwa kwa nyimbo ndi kuimbidwa kwake pa mawailesi. Nyimbo yogulidwa chotero n'kulephera kulowa m'gulu la 40 zapamwamba ikusonyeza kuti ogula anathamanga kuposa mawailesi. Inayenda ndi maso kuposa makutu: anthu ankayamba amuona RuPaul, kenako n'kukagula.

Mapulogalamu a macheza a pa kanema anayamba kumulimbirana, kuphatikizapo ya Arsenio Hall, yomwe achinyamata akuda ankaionera kwambiri. Kumeneko anadabwitsa ambiri omwe ankayembekeza zolaula, chifukwa ankalankhula zodzikonda wekha ndi kukonda anzako, mofatsa ndi mwanthabwala. Kurt Cobain wa Nirvana ananena poyera kuti ankaikonda nyimboyi, ndipo pamwambo wa MTV wa 1993 womwewo panajambulidwa chithunzi chomwe chimafalitsidwabe: RuPaul ataima pakati pa anyamata a Nirvana, atanyamula mwana wa Cobain yemwe akulira. Vidiyo ya Supermodel inali pa mpikisano wa vidiyo yabwino yovinira usiku umenewo, koma mphoto inapita kwa En Vogue.

Zonsezi zinkachitika dziko lili pa mkangano woopsa. Pofika 1992 Edzi inali matenda opha amuna ambiri a zaka 25 mpaka 44 ku America, ndipo m'makalabu momwe nyimboyi inabadwira anthu ankaika anzawo m'manda mosalekeza. Mu 1986 khoti lalikulu la dzikolo linagamula, pa mlandu wochokera ku Atlanta komweko, kuti zigawo zili ndi ufulu wolanga amuna ogonana okhaokha, ndipo chigamulocho chinakhalapo mpaka 2003. Mu Ogasiti 1992, pamsonkhano waukulu wa chipani cha Republican ku Houston, Pat Buchanan analengeza kuti dziko lili pa nkhondo ya chikhalidwe, ndipo ponyoza msonkhano wa chipani cha Democratic anauyerekeza ndi chionetsero cha anthu ovala zovala zosakhala zawo. Patangotha miyezi itatu, munthu wovaladi zoterozo anali pa kanema masana dzuwa likuswa mtengo.

Pa 25 Epulo 1993 anthu zikwi mazanamazana anaguba ku Washington kufuna ufulu wa anthu okondana amuna kapena akazi okhaokha. RuPaul anakwera pa nsanja n'kuimba Supermodel, ndipo anaseketsa khamulo ponena kuti tsiku lina adzapaka White House utoto wa pinki. Ena mwa omenyera ufuluwo sankakondwa ndi anthu a drag, poopa kuti makamera adzangoloza iwo n'kusiya madokotala, asilikali ndi aphunzitsi omwe ankafuna kuonetsa kuti ndi anthu wamba ngati wina aliyense. Mkangano umenewo unalipo kale ndipo sunathere pomwepo. Chaka chomwecho, mbiri yake ikukwera, RuPaul anataya mayi ake.

Omwe sanaombe m'manja

Otsutsa sanali a mipingo ndi andale okha. Mu 1992 mlembi wakuda bell hooks, m'buku lake la Black Looks, anadzudzula Paris Is Burning ponena kuti ukazi womwe anyamata a mufilimuyo ankaulakalaka unali wa mzungu wolemera, ndipo kuti filimuyo inasandutsa umphawi wawo chinthu chosangalatsa owonera. Funso lomwelo linamutsatira RuPaul. Mwamuna wakuda akavala wigi ya tsitsi la golide n'kutamanda mamodelo omwe ambiri ndi azungu, kodi akuseka dongosolo lomwe limanena kuti kukongola n'koyera, kapena akuligwadira? Iye wakhala akuyankha kuti satsanzira mkazi aliyense, chifukwa palibe mkazi amene amayenda tsiku ndi tsiku ndi wigi yaitali ndi gogoda zotero, ndipo kuti cholinga chake ndi kuonetsa kuti maonekedwe onse amachita kupangidwa. Ena yankho limeneli limawakwanira, ena ayi.

Panalinso nkhani ya mwini chinthu. RuPaul anatchukira m'makalabu a East Village, osati m'mipikisano ya ku Harlem. Anthu omwe anapanga chilankhulo ndi kayendedwe komwe dziko linkasangalala nako ambiri anatsala mu umphawi womwewo. Mmodzi mwa omwe anaoneka mu Paris Is Burning, Venus Xtravaganza, anaphedwa mu 1988 filimuyo isanatuluke n'komwe, ndipo ena angapo anamwalira ndi Edzi m'zaka zotsatira. Chikhalidwe cha anthu osauka chikagulitsidwa, ndalama kawirikawiri zimagwera yemwe wachinyamula kupita nacho kumsika. Zinatero ndi Madonna, ndipo pamlingo wocheperapo zinateronso ndi RuPaul.

Mlendo ndi mame

Kwa zaka zisanu zinthu zinayenda. Chimbale cha Supermodel of the World chinatuluka mu 1993, ndipo nyimbo yotsatira, Back to My Roots, yotamanda masitayilo a tsitsi a anthu akuda, inafika pa nambala 1 pa nyimbo zovinira. Elton John anamuitana kuti aimbe naye Don't Go Breaking My Heart, yomwe inafika pa nambala 7 ku Britain mu 1994, ndipo awiriwa anatsogolera limodzi mwambo wa Brit Awards chaka chimenecho. Kampani ya zodzoladzola ya MAC ya ku Toronto inamusankha kukhala nkhope yoyamba ya Viva Glam, lipisitiki yomwe ndalama zake zonse zinkapita kothandiza anthu omwe ali ndi kachilombo ka HIV. Ntchito imeneyi yasonkhanitsa madola oposa 500 miliyoni kuchokera nthawiyo. Apa nthabwala ya mu nyimbo ija inasanduka zoona: munthu yemwe anadzitcha modelo mongoseka anasainadi mgwirizano wa umodelo. Mu 1995 anatulutsa buku la moyo wake, ndipo mu 1996 anayamba pulogalamu yake pa kanema wa VH1 pamodzi ndi Michelle Visage, komwe tsiku lina mlendo wake anali Diana Ross mwiniwake. Hollywood nayo inatengeka, ikutulutsa mafilimu monga To Wong Foo mu 1995, momwe RuPaul anaonekamo.

Koma ziwerengero za nyimbo zinkanena zina. Chimbale choyambacho chinangofika pa nambala 109, kusonyeza kuti ambiri anagula nyimbo imodziyo n'kulekera pomwepo. Palibe nyimbo yake ina yomwe inadzafikanso pomwe Supermodel inafika pa Hot 100. Anthu anamulandira ngati mlendo wosangalatsa, osati ngati woimba woti azimutsatira chimbale ndi chimbale, ndipo akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Pulogalamu ya pa VH1 inatha mu 1998. RuPaul anasamukira ku Los Angeles n'kukhala phee kwa zaka zingapo. Pomwe anabwereranso ndi chimbale cha Red Hot mu 2004, anachitulutsa pa kampani yakeyake, ndipo anadandaula poyera kuti mawailesi ndi magazini, ngakhale a anthu a gulu lake lomwe, sanachilabadire.

Kuchoka pa mlendo kufika pa mwini bwalo

Chomwe chinasintha zinthu si nyimbo ina yotchuka. Pa 2 Febuluwale 2009, pa kanema wamng'ono wotchedwa Logo, panayamba mpikisano wa RuPaul's Drag Race. Oukonza anali Barbato ndi Bailey omwe aja a vidiyo ya 1992, ndipo madiresi ankasokabe Zaldy. Wopambana woyamba anali BeBe Zahara Benet, wobadwira ku Cameroon. Mpikisanowo unatenga zomwe zinali mu nyimbo ija, kuyenda pa nsanja, kuima pamaso pa kamera, mawu olamula a woweruza, n'kuzisandutsa pulogalamu ya sabata ndi sabata. Kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano RuPaul sankadikira kuitanidwa pa siteji ya eni ake. Anali woweruza, wotsogolera komanso mmodzi wa akuluakulu okonza pulogalamuyo, ndipo nyimbo zake zatsopano ankazimveketsa momwemo popanda kupempha wailesi iliyonse. Analandira mphoto yake yoyamba ya Emmy mu 2016, dzina lake linaikidwa pa Hollywood Walk of Fame mu 2018, ndipo mu 2021 anakhala munthu wakuda wolandira ma Emmy ambiri kuposa wina aliyense m'mbiri ya mphotozo. Mpikisanowo uli ndi nthambi ku Britain, Canada, Thailand, Spain, Philippines ndi maiko ena.

Izi sizikutanthauza kuti mkangano unatha. Mu Malichi 2023 chigawo cha Tennessee chinakhazikitsa lamulo loletsa zisudzo zina za amuna ovala zachikazi ndi akazi ovala zachimuna pamalo omwe ana angaone, ndipo lamulolo linakokedwa m'makhoti. Zigawo zina zinayesa zofanana. Nkhawa yake ndi yokhudza ana, ndipo makolo ambiri omwe ali nayo amaiona kuti ndi yeniyeni.

Pa nkhani ya ana yomweyi, mbiri ya Supermodel ili ndi kanthu kena koyenera kukumbukira. Mu 2003 kampani ya Disney inatulutsa filimu ya atsikana achichepere ya The Lizzie McGuire Movie, ndipo mkati mwake, pomwe mtsikana wa mufilimuyo akuyesa zovala ku Rome, munaimbidwa nyimbo yomweyi. Woimba anali mkazi, Taylor Dayne. Makolo anagulira ana awo chimbale cha filimuyo, ndipo ana anavina m'zipinda zawo nyimbo yolembedwa ndi anthu a m'makalabu a usiku a ku New York. Ng'oma inali yomweyo, kolasi inali yomweyo. Chomwe chakhala chikugawa anthu kuyambira 1992 si zomwe nyimboyo imanena, koma yemwe waima kutsogolo akuiimba.